Nyumba Yotseka ya ku Biriwiri

Chaka chimene ndinayamba ntchitoyi n'kuti nditataya izi:

Mkazi wanga, Tiyamike.
Mwana amene anali m'mimba mwake, yemwe sitinamuone nkhope.
Nyumba ya lendi ya ku Sharpevale, poti sindikanathanso kugonamo.
Kalasi imene ndinkaphunzitsa sayansi poyembekezera ntchito ina.
Kukoma kwa chakudya.

Tulo tokha sindinataye. Ndinkagona kwambiri, usana ndi usiku, ngati thumba loponyedwa pakona.

Tiyamike anamwalira pakati patakula. Magazi anakwera mwadzidzidzi, anakomoka ali yekha pakhomo, ndipo anatsirizika panjira akupita naye kuchipatala chachikulu. Ine n'kuti ndili m'kalasi. Maliro atatha ndinabwerera kwa amayi anga ku Bwanje, kumene sindinkachita kanthu. Ndinali ndi digiri ya kemisitiri, sayansi ya mankhwala, koma ntchito yanga inali kukhala pakamlatho ka ngalande ya m'minda ya mpunga n'kumaona madzi akudutsa.

Pakamlathopo m'pamene Mayi Gwaza anandipeza. Anali atatiphunzitsapo kukoleji, ndipo ankadziwika chifukwa chobweza aliyense wolowa mu labotale atavala nsapato zoonetsa zala. Mbiri yawo tinkaidziwa tonse. Anayambira mu labotale ya fakitale ina ya sopo kutauni, akuyeza mphamvu ya asidi ndi soda wowotcha wopangira sopo. Tsiku lina wantchito wina anapisa manja mumgolo wa soda wopanda chizindikiro poganiza kuti ndi madzi. Mayi Gwaza ankanena kuti soda ameneyo anali atamuyeza okha m'mawa womwewo n'kumupeza wabwino kwambiri, koma munthuyo manja anatha. Anasiya ntchitoyo, anakaphunziranso, ndipo pobwerako ankatsogolera kagulu kofufuza mmene mankhwala a kumunda ndi a m'nyumba amavulazira anthu kumidzi.

Tsikulo anabwera kudzatunga madzi a mungalande oti akayeze. Anandizindikira, ndipo za malirowo anali atamva kale. Anapepesa mwachidule, kenaka anandipatsa botolo kuti ndiwagwirire. Titatha kutunga anati, "Ndikufuna munthu wotsuka mabotolo. Digiri yanuyo isakuvuteni, idzakupezani pa sinki pomwepo."

Ndinavomera chifukwa kukana kukanafuna mawu ambiri.

Labotale yathu inali chipinda chimodzi paboma la Ntcheu, kuseri kwa maofesi. Munali sikelo yoyezera zinthu zopepuka kuposa njere ya mpiru, firiji, kabati ya malata yokiya mosungira mankhwala, ndi sinki yakuya. Botolo lagalasi timayamba kulitsuka ndi sopo wosanunkhira, kulitsukuluza ndi madzi a pampopi, kenaka ndi madzi oyera otchezedwa, pomaliza ndi mankhwala ouma msanga ochotsa mafuta. Silipukutidwa ndi nsalu. Limauma lokha litazondoka. Likauma timatseka kukamwa kwake ndi pepala lonyezimira la aluminiyamu, chifukwa chotsekera cha pulasitiki chimatha kusiya zake m'madzi n'kusokoneza zotsatira. Chizindikiro timamata tisanathiremo kanthu, osati titathira. Mayi Gwaza akapeza botolo lodzaza lopanda chizindikiro ankalikhuthula pamaso pako osakalipa, ngakhale utalitenga kutali bwanji.

Ntchitoyi inandiyenera. Galasi silifunsa kuti wadzuka bwanji. Ndinkafika m'mawa, kutsuka, kuyeza, kukiya kabati, kupita kukagona. Anzanga a pantchito anayesa kundiitanira ku mpira ndi kumapemphero a masana, kenaka anatopa nane.

Patapita miyezi anayamba kunditenga popita kumidzi. Tinkatunga madzi a m'zitsime ndi m'ngalande ku Bwanje, tinkagula tomato ndi kabichi m'madimba a ku Biriwiri, zonse n'kuika m'bokosi la madzi oundana kuti zikayezedwe kutauni, kumene kunali makina akuluakulu. Koma Mayi Gwaza ankati theka la ntchito lili m'mafunso. Mlimi sumufunsa kuti amasamala bwanji mankhwala, chifukwa adzakuyankha zimene anamva pa wailesi. Umamupempha kuti akuonetse pamene amasunga. Tinkawapeza pansi pa bedi, patsindwi pamwamba pa ufa, m'mabotolo a zakumwa, m'zigubu zimene kale munali mafuta ophikira. Ndipo ngati wina anadwala kapena kumwalira, tinkafunsa amene anali naye kuti atiuze zimene wodwalayo ankanena, mawu ake enieni, ngakhale ooneka opanda pake. Lamulo lawo lina linali lakuti ife timafufuza chimene chavulaza munthu, osati amene wamuvulaza. Za amene, ankati, zili ndi eni ake.

Tsiku limene ndikufuna kufotokoza linali la m'nyengo yachisanu, anthu atakolola. Mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi wina wa kumapiri a Biriwiri anatiimbira foni. Kunamwalira mwamuna wachinyamata, dzina lake Filipo, mlimi wa mbatatesi. Anagona ali bwino, anadzuka akusanza, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anali atapita. Achibale anakana zoti thupi ling'ambidwe, anaika maliro. Tsopano mudzi wonse unkanena kuti mkazi wake, Nachisale, anamuthirira mankhwala a makoswe m'ndiwo. Umboni wawo unali wakuti mwamuna wafa, mkazi ali moyo.

Nachisale anali wa ku mudzi wina, wobwera ndi malowolo. Anali ndi khanda la milungu yochepa. Tsiku limenelo linali lakumeta, ndipo akuchimuna anali atagwirizana kale kuti mwambo ukatha amubweza kwawo, koma mwana atsala, poti ng'ombe zinapita ndipo mwana ndi wa pamudzipo. Mlangiziyo anati sakudziwa ngati tingathandize, kungoti mkaziyo akunena za fungo.

Tinafika kukuwomba mphepo yozizira yochokera kumalire. Amuna anali pansi pa mtengo wa mapichesi wopanda masamba, atafunda majekete, amayi ali kuseri kwa khola. Tinapereka moni ndi chipepeso monga mwa mwambo. Bambo a malemu, a Ngozo, anali nkhalamba yoonda imene inagwirapo ntchito kumigodi ya ku Joni, ndipo ankatsokomola pafupipafupi. Sanalankhule zambiri. Wolankhula anali Yohane, mkulu wake wa Filipo. Iye anatiuza kuti nkhaniyi ndi ya pabanja, ndipo sakuona chimene anthu a mabotolo angaonjezepo. Mayi Gwaza anavomera kuti ndi ya pabanjadi, n'kupempha chinthu chimodzi chokha, kuti alankhule ndi mkaziyo komanso aone nyumba. A Ngozo anangokweza dzanja kusonyeza kuti tipite.

Nachisale tinamupeza m'khitchini, atakhala pamphasa, mwana ali pamiyendo. Anali wamng'ono kuposa Tiyamike. Pakhomo panaima amayi awiri a kuchimuna omuyang'anira. Mayi Gwaza anakhala pansi pambali pake, ine ndinanjuta chapakhomo.

Anafotokoza motsitsa mawu, osalira. Chibadwire mwana, iye ankagona m'khitchinimo pafupi ndi moto, monga amachitira mayi wa khanda mpaka akuluakulu atalola kuti abwerere kuchipinda kwa mwamuna. Filipo ankagona yekha m'nyumba yaikulu. Chakudya chamadzulo mwamunayo anadya mbale imodzi ndi mlamu wamng'ono wa Nachisale, amene sanadwale, koma zimenezo palibe amene ankafuna kuzimva. Kwa masiku awiri asanamwalire, Filipo ankadandaula mutu podzuka, ukumasiya akapita kudimba. M'mawa womalizawo anamupeza atagwira pachifuwa, akuti mpweya ukumuchepera, akusanza.

Mayi Gwaza anamufunsa zimene mwamunayo ananena. Nachisale anayang'ana mwana, kenaka anati, "Ndimafuna kulowa ndi mwanayu kuti amuone. Iwo anati, usalowe naye muno, mukununkha." Anati atamva mawuwo anapita kukaitana anthu, ndipo pobwerako Filipo sankalankhulanso.

Fungolo anati linali ngati la adyo wowola, kapena nsomba yogonera. Mayi Gwaza anafunsa ngati m'chipindamo muli chimanga. Anati muli matumba ambiri, anawalowetsa sabata yomweyo poopa akuba, chifukwa nkhokwe za panja masiku ano zimaboola usiku umodzi. Anatinso mazenera anawatseka ndi masaka chifukwa cha chisanu.

Tinatuluka panja. Tonse awiri tinali titaganiza chinthu chimodzi. Pali mapiritsi otuwa ophera anankafumbwe amene amayenera kugwiritsidwa ntchito ndi anthu ophunzitsidwa okha, m'nyumba zosungira mbewu zimene simugona munthu. Piritsi likakhudzana ndi chinyezi limatulutsa mpweya wotchedwa fosifini kwa masiku angapo, lokha n'kusanduka ufa ngati phulusa. Mpweyawo suoneka, ndipo thumba wamba siliuletsa kutuluka. Mapiritsiwa amapezeka m'misika ya m'malire, ogulitsidwa limodzilimodzi, okulungidwa m'pepala lopanda mawu.

Chimene chinatithandiza ndi mwambo womwewo. Nyumba ya malemu inatsekedwa thupi litangotuluka, ndipo sinkayenera kutsegulidwa mpaka tsiku lakumeta. Masaka anali akadali m'mazenera.

Mayi Gwaza ali ndi mphumu, choncho wolowa ndinali ine. Ndinavala ovolosi, magolovesi ndi chigoba cha kumaso chokhala ndi kachitini kosefa mpweya umenewu. Iwo anaunika zingwe, anandiuza kutseka kachitiniko ndi chikhatho n'kukoka mpweya kuti aone ngati chigoba chagwira bwino. Kenaka anapempha anthu kuti aime kumene mphepo ikuchokera. Yohane anaseka n'kuuza anzake kuti boma latumiza wopopera udzudzu kudzaweruza mlandu wa ufiti. Ena anaseka naye.

Zida zinali ziwiri. China chinali kachubu kagalasi kotalika ngati pensulo, kokhala ndi ufa woyera mkati ndi mizere kunja. Umathyola nsonga zonse ziwiri, kukalowetsa pakapampu ka m'manja, n'kukoka mpweya. Ngati muli fosifini, ufawo umasintha mtundu kuyambira kunsonga, ndipo pamene mtunduwo walekezera m'pamene umawerenga kuchuluka kwake. China chinali pepala losefera lonyowetsedwa ndi mchere wa siliva, limene limada likakumana ndi mpweyawo.

Ndinayamba ndi pansi pa chitseko ndisanatsegule. Mtundu unasintha pang'ono. Ndinalowa. M'chipinda chogona munali mdima, matumba ataunjikidwa kukhoma mpaka kufika kumutu kwa bedi. Bulangeti linali likadali mmene analisiyira. Pansi panali nsapato za mwamuna, beseni, ndi mphemvu zambiri zakufa zitagadama. Kuseri kwa matumba kunali makoswe awiri ouma. Ndinayang'ana bedi lija kanthawi. Ndikanakonda kunena kuti ndinamva chinachake, koma sindinamve kanthu. Ndinangoona kuti pilo ali pafupi kwambiri ndi thumba loyamba.

Ndinathyola kachubu kena n'kukoka mpweya pamwamba pa pilo. Mtundu unathamanga kudutsa mizere yonse mpaka kumapeto. Pepala la siliva linada ndisanalifikitse n'komwe pathumba. Ndinamasula thumba limodzi, ndipo pakati pa chimanga ndinapeza kansanza komanga, mkati mwake muli ufa wotuwa. Ndinakaika m'botolo limene ndinali nditalimata kale chizindikiro, ndinachotsa masaka m'mazenera, n'kutuluka chitseko nditachisiya chotsegula.

Mayi Gwaza anayang'ana kachubuko n'kundiuza kuti kubwalo la amuna ndikalankhule ndine, iwo akhala ndi amayi. Ndinavula chigoba, ndinasamba m'manja, n'kupita pansi pa mtengo paja.

Ndinaika pampando kachubu katsopano koyera pambali pa kamene kanasintha mtundu. Ndinathyola kena pamaso pawo n'kukoka mpweya wa pabwalopo kuti aone kuti sikasintha. Ndinafotokoza za mapiritsi, za mpweya, za mutu umene unkasiya Filipo akapita kudimba, za mphemvu ndi makoswe amene sanadye ndiwo za Nachisale. Ndinanena kuti sitinayeze thupi, choncho sindingalumbire, koma mpweya umene uli m'chipindamo lero, patapita masiku, ndi wokwanira kupha munthu wogona. Ndinanenanso kuti akanakhala kuti mayi ndi mwana ankagona momwemo, maliro akanakhala atatu. Mawu anga ndinkawamva ngati a munthu wowerenga nkhani pa wailesi.

Kenaka Yohane anati zonsezo wamva, koma sizisintha kanthu. Mapiritsi sayenda okha. Wosamala chimanga pakhomo ndi mkazi. Ngati sanathire m'ndiwo, ndiye anathira m'matumba, iye n'kukagona kukhitchini. Anthu ena anagwedeza mitu kuvomereza. Anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati kachubu kanga kamanenanso dzina la munthu.

Ndinayankha kuti sikanena. Lamulo lathu linali lomwe lija, ndipo ngakhale pakanapanda lamulo, dzinalo sindinkalidziwa. Ndinaona kuti ntchito yanga yonse yangosamutsa mlandu kuuchotsa mumphika kuuika m'thumba, mkaziyo akadali pomwe anali. Kukhitchini kuja mwana anayamba kulira.

A Ngozo anali atatenga botolo la kansanza kaja, akulitembenuza m'manja. Nsanzayo inali ya malaya a mizere. Anatsokomola nthawi yaitali, kenaka anati, "Nsanza iyi ndi ya malaya anga. Ndinaika ndine."

Yohane anati bambo asadzinamizire pofuna kuteteza mlendo. Nkhalambayo sinamuyang'ane. Inafotokoza kuti inagula mapiritsiwo pamsika kwa mnyamata amene anati ndi amphamvu kuposa mankhwala a ufa, ndipo chimanga chimakhala chaka chonse osafumbwa. Inang'amba malaya akale, inamanga piritsi lililonse pakansanza kake, n'kuika m'matumba a Filipo tsiku limene iye anali kudimba, kuti mwana wake asavutike kugula mankhwala pamene ali ndi khanda. Ndi iyonso imene inamulangiza kulowetsa matumbawo kuchipinda. Chichitikireni imfayo sinaganizepo n'kamodzi komwe kuti zinthu ziwirizi zikukhudzana.

"Kumgodi tinkauopa mpweya wosaoneka," anatero. "Ankatitulutsa tonse ukangomveka. Sindinadziwe kuti umagulitsidwa pamsika."

Yohane anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, ndipo sindinamuonenso tsikulo. A Ngozo anatuma munthu kukaitana Nachisale. Anabwera n'kugwada chapatali, mwana ali kumbuyo. Nkhalambayo inamuuza pamaso pa onse kuti alibe mlandu, kuti akafuna kukhala pamudzipo munda wa Filipo ndi wake, akafuna kupita kwawo apite ndi mwana wake, ndipo wolankhulanso za ndiwo adzayankha kwa iyo. Kenaka inafunsa ife ngati m'nyumba zina za pamudzipo tingayezemonso, chifukwa mapiritsi otsala inagawira anthu awiri.

Masana onse tinayenda m'nyumba zimenezo. Imodzi tinapeza mapiritsi akadali m'pepala patsindwi. Ina anali ataika kale m'matumba, m'chipinda chogona ana, dzulo lake. Tinatulutsa anthu, tinatsegula zitseko, matumba tinawasamutsira pansi pa chisakasa kutali ndi nyumba, n'kuwauza masiku oti adikire tisanabwerenso kudzayeza. Ufa wotsala tinaukwirira m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime.

Tikulongedza zida m'galimoto, Nachisale anabwera kudzatsazika. Mayi Gwaza ayenera kuti anali atamuuza za ine, chifukwa atathokoza anaima pang'ono n'kunena kuti wamva zoti nanenso ndinafedwa. Ndinavomera. Anati chiyambire maliro palibe amene anamufunsa zimene mwamuna wake ananena, onse ankangofunsa zimene iye anaphika. Kenaka anandifunsa kuti, "Nanga anuwo anakuuzani chiyani?"

Ndinamuuza kuti mwana wazizidwa, amufunditse. Ndinakwera galimoto.

Panjira Mayi Gwaza sanalankhule za funsolo. Anangonena kuti mawa tiyambe kulemba dongosolo la kafukufuku wa mapiritsiwa m'boma lonse, ndipo adzatsogolera ndine. Ndinafunsa za mabotolo. Anati mabotolo ndidzatsukabe.

Kafukufukuyo ndi amene anandisandutsa chimene ndili lero. Mayi Gwaza anasamukira kulikulu, kumene amayang'anira magulu angapo ngati lathu, ndipo kagulu ka ku Ntcheu anandisiyira ine. Timayenda m'misika ndi m'mipingo nyengo yokolola isanafike, timaphunzitsa za matumba osalowa mpweya amene safuna mankhwala, timayezabe madzi ndi tomato. Achinyamata ochokera kukoleji ndimawayambitsira pa sinki. Amafulumira kuphunzira kachubu ndi kapampu, chifukwa zimenezo zili m'mabuku. Chimene chimawatengera nthawi ndi kukhala pansi n'kufunsa mawu enieni a wodwala, osawakonza, osawafupikitsa. Ndimawauza kuti munthu amene chinthu chikumupha kawirikawiri amachitchula yekha, koma amachitchula ndi mawu aang'ono, a tsiku ndi tsiku, ndipo amene ali naye pafupi amamva ngati nkhani wamba. Umu ndi mmene anthu okhala limodzi amamverana, si mlandu wa wina aliyense. Ntchito yathu ndi kudziwitsa anthu mawu aang'ono amene sayenera kuwalekerera, nthawi ikadalipo.

Funso la Nachisale sindinaliyankhe kwa munthu aliyense, ngakhale kwa amayi anga. Ndiliyankha pano. Unali m'mawa wa tsiku la sukulu. Tiyamike anakhala pakhonde, mapazi otupa atawasanjika pakampando, dzanja lili pachipumi. Ine ndinali nditagwira njinga, mabuku a ana nditamanga kumbuyo. Ndinamufunsa ngati ndikhale. Anachotsa dzanja pachipumi kuti andione bwino.

"Pitani inu, muchedwa. Ndi mutu chabe, usiya."